Galu wa mnzathu muofesi, tichite bwanji?

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, zandivuta.

Ndimayang'anira ofesi ya anthu 9, tonse m'chipinda chimodzi chachikulu cha lendi. Mnzathu wina wayamba kubwera ndi galu wake kuntchito, akuti akamusiya yekha kunyumba amauwa tsiku lonse mpaka aneba kudandaula. Galuyo ndi wofatsa ndithu, amangogona pansi pa desiki, ndipo katemera wa chiwewe analandira, khadi ndinaliona ndekha. Koma mayi wina wa desiki yoyandikana naye akungoyetsemula osalekeza, maso kufiira psuu, misozi chuchuchu. Palinso wina amene amaopa agalu, kungoti sanena poyera.

Tinasuntha madesiki, sizinathandize. Adokotala anawauza mayiwo kuti chimayambitsa si ubweya weniweniwo ayi, koma malovu ndi tizidutswa ta khungu louma timene timakakamira mu kapeti. Tayesa makina okoka fumbi kawiri pa sabata, kusintha kwake n'kochepa. Pangano lathu la lendi silinena chilichonse za ziweto. Eni nyumba ndawalembera kawiri, ali zii. A inshuwalansi nawo amangoti atiyankha.

Kunena zoona galuyo ndimamukonda, koma sindingamaonerere munthu akuvutika chonchi tsiku ndi tsiku.

Inu amene zinakuchitikiranipo, munalemba lamulo lotani? Galu ataluma kasitomala, mlandu umagwera ndani, mwini galu, kampani kapena eni nyumba? Nanga tikaletsa ziweto zonse, galu wotsogolera munthu wosaona tizimuwerengera mbali iti?