Mbiri ya aMP ku Manda Hill: ndiitolera bwanji Loweruka lisanafike?

Mai Sakala:
Anzanga a pa wailesi, ndathedwa nzeru. Abwana andipatsa pologalamu ya Loweruka, ola limodzi, live ndi ma phone-in, mlendo ndi aMP a dera lina kuno kum'mawa, dzina ndisatchule. Akuti ndikonze zonse zimene achita ku Manda Hill, ku Parliament ya Zambia, chiyambire 2021: mabilu, ma motion, mafunso, mavoti. PA (mthandizi wa aMP) wa ku constituency office wanditumizira pepala pa WhatsApp lonena kuti aHonourable "anabweretsa" malamulo angapo, ndipo watchulamo Children's Code ya 2022, Access to Information ya 2023 ndi lija la ukwati loletsa mwana kukwatiwa asanakwane zaka 18. Ndatsegula mabiluwo pa webusaiti ya Parliament, memorandum yasainidwa ndi Attorney General, wowapereka m'nyumba ndi nduna. Dzina lawo palibe. Ndiye anabweretsa chiyani? Mu Hansard, momwe amalembamo zonse zolankhulidwa m'nyumbamo, ndikasaka dzina lawo ndikungopeza point of order ndi kukuwa kuti "Question!" Pa mavoti paliponse pangolembedwa "Question put and agreed to". Ndidziwa bwanji amene anavomera ndi amene anakana? Sindifuna kukawerenga pepala la PA pa mphepo ngati kuti ndi nkhani yanga. Munachitapo izi ndithandizeni msanga, bundle ikutha.

aTembo:
Mai Sakala, khazikani mtima pansi. Mukawerengera mabilu, pafupifupi MP aliyense wa kumbuyo adzatuluka ndi ziro, wolimbikira ndi waulesi omwe. Constitution pa Article 64 imalola phungu wamba kubweretsa bilu, ndipo ndalama zoilembera zimachokera ku thumba la boma, koma ma private member's bill kuno kwathu ndi osowa kwambiri. Bilu yokhudza misonkho ndi kagwiritsidwe ka ndalama za boma, Article 65 imati ndi nduna yokha ingaibweretse. Atatu mwatchulawo onse ndi mabilu a boma. Bwezerani PA uja mafunso atatu basi: nambala ya biluyo (N.A.B., National Assembly Bill) ndi chaka, tsiku la first reading, ndi amene anaimirira kuiyambitsa. Akayankha kuti "anathandizira", afunseni tsiku limene analankhula pa second reading, mukalione nokha mu Hansard. Kulankhulapo pa bilu ndi ntchito ndithu, muwapatse ulemu wake, koma si kuibweretsa.

Zenizeni za phungu wa kumbuyo zili mu Order Paper, mndandanda wa zokambirana za tsiku, pa Questions for Oral Answer. Onaninso Lachitatu pa ma private member's motion, Lachisanu pa nthawi ya mafunso kwa Vice President, ndi malipoti a makomiti. Lipoti lililonse la komiti limayamba ndi maina a mamembala ake.

aJere:
Mukuvutikiranji ndi mapepala? Anthu sadya Hansard. Munthu woimba foni kuchokera ku Kasenengwa kapena Chipangali adzafunsa za mjigo, madesiki, bursary ndi feteleza wa FISP. Afunseni za CDF, ndalama za chitukuko cha dera, pologalamu yatha.

Mai Sakala:
aJere, za CDF tinachita kale ndi a khonsolo. Iyi ndi ya ntchito imene tinawatumira ku Lusaka. aTembo zikomo, ndamutumizira PA mafunsowo, waona koma sanayankhe. Nanga Order Paper ya zaka zonsezi nditsegula imodziimodzi? Ndi netiweki yathu ino?

Chisomo (wa attachment):
Amai, musasake ndi dzina la munthu, sakani ndi dzina la constituency. Mu Hansard phungu akamayamba kulankhula kapena kufunsa funso, dera lake limalembedwa pafupi ndi dzina. Pa Google lembani site:parliament.gov.zm kenaka dzina la dera ndi mawu akuti "asked the Minister". Mukatsegula tsamba, Ctrl+F dzina la dera lomwelo. Ine ndimakopera mu Excel: tsiku, nambala ya funso, unduna, yankho mwachidule, ndi link.

aTembo:
Mwanayu wanena zoona, ndipo mumvere pa nkhani ya dzina. Kuno kum'mawa aPhiri, aBanda, aTembo, aZulu ndi aLungu tili mbwee, ndipo m'nyumba muja mumapezeka awiri kapena atatu a dzina limodzi, Hansard n'kumawasiyanitsa ndi chilembo chimodzi chokha kutsogolo. Ndinaona ndi maso mnzathu wina pa siteshoni ina akuwerengera mlendo mawu a phungu wa dera lina, a chipani chinanso. Mlendoyo anangovula mahedifoni n'kutuluka, pologalamu ikadali pa mphepo, operator n'kuponya nyimbo. Mnzathuyo anatha mwezi akuwerenga zotsatsa maliro basi. Koma Google sibweretsa zonse, Chisomo. Musadzanene pa mphepo kuti "anafunsa mafunso akutiakuti okha". Muzinena kuti "amene tawapeza ndi awa", n'kuwapatsa mpata awonjezere.

Mai Phiri:
Pa za mavoti, mayi mnzanga, musayembekeze zambiri. Mabilu ambiri amadutsa ndi mawu, Speaker amafunsa, ena "Aye" ena "No", n'kugamula. Maina amalembedwa pokhapokha pakhala division, kuvota kowerenga phungu mmodzimmodzi, ndipo pamenepo mudzapeza Ayes, Noes ndi Abstentions mu Hansard ndi mu Votes and Proceedings. Pa kusintha Constitution ndi pamene simungaphonye, chifukwa pamafunika two-thirds ndipo amawerenga mutu umodziumodzi. Kumbukirani Bill 10 pa 29 Okutobala 2020: inapeza mavoti 105 pomwe pamafunika 111, n'kugwa. Koma apa ndi pomwe pali msampha. Tsiku lija aphungu a UPND, chipani chotsutsa pa nthawiyo, anatuluka m'nyumba dala, ndiye maina awo simuwapeza pa Noes. Munthu wosadziwa akhoza kunena kuti anajomba, chonsecho kutulukako ndiye kunali kuvota kwawo. Dzina likasowa pa mndandanda musathamangire kunena kuti sanapite ku ntchito. Mwina anali pa ulendo wa komiti, mwina anapempha chilolezo, mwina chipani chinalamula.

aJere:
Mwaona? Division, abstention, Votes and Proceedings. Agogo a ku Vubwi adzamva chiyani pamenepo? CDF inachoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million mu 2022, mu 2025 inali K36.1 million. Ndalama zonsezo pa dera limodzi chaka chimodzi. Funso ndi limodzi: zapita kuti?

aTembo:
aJere, ndalamazo anazilengeza ndi a Musokotwane, nduna ya zachuma pa nthawiyo, mu bajeti, ndipo dera lililonse limalandira zofanana, kaya phungu wake amalankhula kaya amagona. Zofuna za anthu zimayambira ku ma WDC (makomiti a chitukuko a m'ma ward), zimapita ku komiti ya CDF, ogula zinthu ndi kulipira makontilakita ndi khonsolo. MP ndi membala mmodzi m'komitimo. Mukamufunsa za CDF pa mphepo mwamupatsa mphatso: zabwino adzati ndi zake, zoipa adzati funsani a Council Secretary. Pa funso la ku Parliament alibe womukankhira.

aJere:
Membala mmodzi pa pepala. Tonse tikudziwa amene mawu ake amalemera m'komitimo. Ine ndikuti CDF.

aDaka:
Ine zanga ndi chenjezo chabe. Chaka cha chisankho chapitachi tinachita pologalamu yonga yomweyi. Presenter anali ndi mapepala ake bwinobwino, zonse zochokera mu Hansard. Vuto linabwera pa foni. Wina anaimba n'kunena kuti aMP anadya ndalama za mlatho, anatchula ndi dzina la kontilakita, ife tilibe delay yochedwetsa mawu asanapite pa mphepo, mawu anapita onse. Lolemba m'mawa kalata ya loya inali pa desiki ya manejala, yofuna recording ndi kupepesa pa mphepo. Woimba uja foni yake inali yozima, amene anavutika ndi siteshoni. Musanyengedwe kuti defamation inatha. Chimene chinachotsedwa mu Disembala 2022 ndi section 69 ya Penal Code, yonyoza President. Phungu akhoza kukusumirani ngati munthu wina aliyense. Ndipo ngati mudzaika pa Facebook live, ikani munthu woyang'anira ma comment, malamulo a cyber a 2025 aja si oseweretsa. Sungani recording yonse, IBA, bungwe loyang'anira mawailesi, ikafunsa musadzasowe chopereka.

Mai Sakala:
Delay tilibe ifenso aDaka. Ndidzaika mnzathu Mabvuto pa foni azisefa asanalowetse. Ndayamba njira ya Chisomo, ikuyenda. Ndapeza mafunso angapo, ambiri ndi a msewu ndi nyumba za aphunzitsi. Koma mayankho a nduna onse akufanana, "when funds are available". Funso la msewu lomwelo labwera zaka ziwiri zotsatizana, yankho lomwelo. Ndiwerenge kuti agwira ntchito kapena ayi?

Mai Phiri:
Pamenepo ndiye pali pologalamu yanu. Musagamule inu. Awerengereni funso lawo ndi tsiku lake, yankho la nduna, kenaka muwafunse kuti atayankhidwa choncho anachitanji. Anafunsa follow-up pompo? Anapita nazo ku Committee on Government Assurances, imene ntchito yake ndi kulondola malonjezo a nduna? Anabweretsa motion? Anthu a kuno nkhani ya msewu wa Chadiza ndi wa Vubwi aimva malonjezo ake kuyambira kalekale, palibe amene adzafuna kumasuliridwa. Ngakhale agogo a aJere aja adzamva.

Koma onetsetsani kaye kuti mlendo wanu anali ndani m'zaka zimenezi. Nduna sifunsa mafunso, imayankha. Whip, woyang'anira aphungu a chipani chake, ntchito yake yambiri sioneka mu Hansard. Wina analowa pa by-election pakati pa ulendo, simungamuyeze ndi amene anayamba mu 2021. Ndipo m'kuona kwanga a chipani cholamula zambiri amakakambira ku caucus ndi m'maofesi a nduna, pomwe otsutsa amafuulira m'nyumba, ndiye mukangowerenga kuchuluka kwa mawu mudzaoneka ngati mwatumidwa.

aJere:
Agogo anga adzamva za msewu, inde. Nanga grader imene inagulidwa ndi CDF ili kuti? Mwabwereranso kwanga komweko.

aTembo:
Chinanso Mai Sakala, atumizireni mndandanda wanu Lachinayi, pa kalata ya siteshoni, asaine kuti alandira. Ena amati kutero n'kuwachenjeza. Ine ndimati bola abwere atakonzeka kusiyana n'kuti adzanene kuti munawatchera msampha. Ndipo chimene mwachitira uyu mudzachitire onse a kum'mawa ndi muyezo womwewo, apo ayi chizindikiro cha chipani adzakumatani pamphumi. Nthawi ikuthanso. Chisankho ndi pa 13 Ogasiti 2026, Parliament imathetsedwa masiku 90 chisanafike, ndipo kuyambira pamenepo ndi candidate ngati anzawo. Code of Conduct ya chisankho imafuna kuti onse opikisana muwapatse mpata mofanana. Mukachedwa, pologalamu ya mbiri ya munthu mmodzi idzaoneka ngati kampeni, yomukweza kapena yomugwetsa.

aDaka:
Funso limene palibe wafunsa: ola limenelo walipira ndani? Ngati ndi paid programme, zonse tikukambazi n'zachabe. Kwathu zinachitika, producer anakonza mafunso sabata yathunthu, Lachisanu madzulo a marketing anabwera ndi script yochokera ku ofesi ya mlendo, akuti wolipira ndiye mwini ola. Producer anakana, anaika wina. Funsani abwana anu lero, ndipo akuyankheni pa meseji, osati pakamwa.

Mai Sakala:
Anandiuza kuti ndi ya siteshoni. Ndiwafunsanso. PA wayankha tsopano, akuti aHonourable anali m'komiti imene inaunika imodzi mwa mabilu aja ndipo "anapereka maganizo ambiri". Ndikufuna lipoti la komitiyo ndione ngati dzina lilimo. Magetsi apita, ndibwera.

Mai Phiri:
Dzina likhoza kukhalamo, koma lipoti limalemba zimene komiti yonse yagwirizana, silinena kuti ganizo ili ndi la uje. Ndiye "maganizo ambiri" simungawatsimikize, simungawatsutsenso. Afunseni okha atchule clause imodzi imene inasintha chifukwa cha iwo. Amendment ikabwera pa committee stage m'nyumba, woibweretsa amalembedwa dzina, pamenepo mukhoza kuona.

aJere:
Pa phone-in mudzandiuza. Foni yoyamba idzakhala ya bursary.

Chisomo (wa attachment):
aDaka, za delay zija, palibe njira yochitira pa kompyuta popanda kugula chipangizo? Ife mixer yathu foni imalowera pa hybrid mwachindunji.

aDaka:
Ilipo, koma mawu onse a studio ayenera kudutsa mu kompyuta asanapite ku transmitter, ndipo presenter asamvere off-air, apo ayi adzadzimva kawiri n'kusokonezeka. Vuto ndi magetsi. Kompyuta ikazima pakati pa kusintha kupita ku genset, mwachoka pa mphepo nonse. Muli ndi inverter ya mphamvu bwanji kumeneko?

aMwale:
Pepani kulowerera. Amene ali ndi nambala ya technician uja wa ku Katete wokonza ma hybrid anditumizire ku inbox, yathu ikulira hum kuyambira mvula ija.