Nkhope ikungosanduka matope, thandizeni

Wobisa dzina: Moni a gulu, a admin chonde mundibise. Ndayamba kuphunzira kujambula ndi penti potengera chithunzi cha Tingatinga (kajambulidwe kotchuka ka ku Tanzania) chimene mlamu wanga anabwera nacho kuchokera ku Dar, cha mayi atasenza mtsuko, mwana ali kumbuyo. Mlamu yemweyu anandibwereka K40,000 mu Malichi, mpaka lero zii, koma chithunzi chake akuti ndibweze Loweruka. Ndimajambulira kuseri chifukwa a landilodi akuti fungo likuwapweteketsa mutu, chonsecho nkhuku zawo zimagona pakhonde panga. Bambo a kunyumba nawo akuti ndikungotaya ndalama. Vuto ndi ili: ndikangodutsitsa mzere wakuda m'mbali mwa nkhope, zonse zimasakanikirana, mayi uja amaoneka ngati wagwa m'dambo. Katatu konse. Ndikulakwitsa pati?

Dalaivala wa Dar: Mwafika kwa eni ake, pa Songwe ndadutsapo kosawerengeka. Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 ndi penti wa njinga pa zidutswa za bodi. Sukulu ya zojambula sanaipondeko. Apolisi anamuwombera molakwitsa mu 1972, koma mpaka lero ku Oyster Bay, ku Dar komweko, kuli kopaletivi ya ojambula ya dzina lake. Zaka 4 zokha! Inu zikadzakwana 4 mudzakhala mukanali pa nkhuku za a landilodi.

Make Mapasa: Asisi, penti wake ndi wanji? Mukujambula pa chiyani?

Mphunzitsi Wopuma: Kukopera si luso. Ana a masiku ano mumafuna zophikaphika. Tulukani mukaone mayi weniweni ku mjigo mumujambule.

Dalaivala wa Dar: Aphunzitsi, abale ake a Tingatinga anaphunzira bwanji ngati si kuonera iye? Inuyo simunkatilembetsa zapabolodi?

Wazikwangwani: Ine ndinajambula mitu 6 pa babashopu ina, mwini wake anandilipira pondimeta kawiri, ulendo wachiwiri n'kundicheka khutu. Musadzajambulire munthu asanapereke theka. Koma ngati ndi penti wa oyilo, pakani kumbuyo kaye, kugone kuume, mawa thupi ndi nsalu, mzere wakuda pamapeto penipeni.

Mfana wa ku Ndirande: Isiyeni choncho, muziti ndi mayi wa nthawi ya Freddy 😂

Agogo Aakazi: Iwe, anthu anataya abale pa zimenezo. Chotsa.

Mphunzitsi Wopuma: Zapabolodi zinali ndi silabasi, bwana. Kwathu kuno tili ndi Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe ku Mua, bwanji osatengera za kumeneko? Chilichonse Tanzania.

Dalaivala wa Dar: Kungoni anaiyambitsa ndi wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, mu 1976, ndiye za kwathu kwathuzo chepetsani. Ndipo asisi, musayese kukonza mayiyo kuti azioneka ngati wa pa foto. Maso aakulu, miyendo ngati timitengo, mitundu yowala mbee, kukoma kwake n'komweko. Amene amazigula ndimawaona ndi maso angawa.

Kalaliki: Za mlamuzo, gwirani chithunzicho mpaka ndalama itabwera. Ine wanga anathawira ku Joni ndi K200,000 ya banki m'khonde.

Make Mapasa: Burashi ya wakuda ikhale yakeyake, yopyapyala, ndipo osachulutsa thina chifukwa amasungunula wapansi. Koma ndafunsa kale, PENTI WANJI?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. A Kalaliki, ndamuuza mlamu uja, wandibuloka. Ndiye Loweruka ndipite nacho ndekha kapena nditume mwana?