Gulu la banja: za Loweruka la chikondwerero cha mabuku

Lachiwiri madzulo

Achemwali: Mwaswera bwanji nonse? Pologalamu ya chikondwerero cha mabuku ija yatuluka. Ndaiwerenga yonse, ndipo tsiku lotikomera ife ndi Loweruka, chifukwa zochitika za ana aziunjika tsiku limenelo, madzulo ake n'kukhala bandi. Chipata atsegula 9 koloko m'mawa. Amene mukupita yankhani pompano ndidziwe chiwerengero cha matikiti.

Msuweni: Ine ndilembeni. Koma ndisabise, chikundikoka ndi bandiyo. Iyamba nthawi yanji?

Achemwali: 6 koloko madzulo, pa siteji yapanja.

Mayi a mapasa: Ife tilipo atatu. Bambo awo ali kuntchito tsiku limenelo.

Amayi: Kodi zoimbaimba zikufunanji kumalo a mabuku? Ine ndimayesa anthu amakangokhala phee ngati mulaibulale.

Amalume: Ayi mlongo wanga, zikondwerero zimenezi sizikhala choncho. Tengani cha ku Hay-on-Wye ku Wales, chomwe chidayamba mu 1988 ndipo n'chimodzi mwa zotchuka kwambiri padziko lonse. Masana alembi amacheza ndi anthu, ana ali ndi mbali yawoyawo, madzulo kumakhala oimba. Ndipo m'pomveka, chifukwa wopeka nyimbo ndi wopeka ndakatulo amagwira ntchito imodzi. Onse amayeza mawu, kuwerenga kugunda kwa mzere, kufunafuna pamene mpweya uthere. Wobwerera gitala amatuluka atamvako ndakatulo, wobwerera buku amatuluka akung'ung'udza nyimbo. Mubwere mudzaone nokha.

Amayi: Chabwino achimwene, ndilembeni nanenso.

Mlamu: Ine mtima uli pawiri. Mwana wa miyezi 8 akapindulanji kumeneko? Mwina ife tingotsala.

Azakhali: Musatsale mayi. Pa pologalamupo ndaona kuti 10 koloko kuli nthawi ya makanda, yoimba tinyimbo ndi kuwawerengera timabuku ta zithunzi. Si zongotayitsa nthawi ayi. Mu 2014 bungwe la madokotala a ana ku America lidalangiza makolo kuti aziwerengera ana mokweza kuyambira ali akhanda. Mwana sakumva nkhaniyo, inde, koma akumva mawu anu, kukwera ndi kutsika kwake, akuona nkhope yanu, akugwiragwira masamba. Chilankhulo chimayambira pamenepo. Nkhawa yanga ine ili pa bandi ija, koma ndilemba mawa ndikaweruka.

Mayi a mapasa: Achemwali, za ana a zaka 6 zilipo zotani?

Achemwali: Zilipo zambiri moti sitingathe zonse. 11 koloko kuli wofotokoza nthano mutenti ya ana. 1 koloko kuli kupanga buku, mwana aliyense amapanga lakelake n'kupita nalo kwawo. 2 koloko wojambula zithunzi za m'mabuku aonetsa mmene amajambulira, ana akutsatira ndi pensulo. Kupanga bukuko malo ndi ochepa, akuti tilembetseretu. Mapasa ndawalembetsa kale.

Amalume: Mwachita bwino. Kabuku kameneko ndikukadziwa, kamachokera pa pepala limodzi lokha la A4. Umalipinda katatu mpaka pakhale timabokosi 8, n'kudula mzere wapakati kutalika kwa timabokosi 2, kenako ukakankha mbali zonse ziwiri limadzipinda lokha kukhala kabuku ka masamba 8, popanda guluu kapena ulusi. Mayi a mapasa, uwafunse anawo kuyambira lero kuti nkhani yawo idzakhala ya chiyani. Mwana akafika pathebulo ali ndi nkhani kale m'mutu, ola lonselo amalithera kulemba ndi kujambula. Akafika chimanjamanja amalithera kuyang'ana za anzake.

Mayi a mapasa: Ndawafunsa. Wina akuti ya galu woopa mvula, winayo akuti aonera kwa mnzakeyo. Ndamuuza kuti aliyense yake.

Lachitatu m'mawa

Azakhali: Mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi nkhani ya makutu ija, mundiwerenge mofatsa chifukwa ndimaona anthu kuchipatala akudandaula mochedwa. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi tomwe timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe mankhwala otibwezeretsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha phokoso la m'malo achisangalalo ndi la m'mahedifoni.

Azakhali: Phokoso amaliyeza mu ma decibel. Malire amene WHO imapereka kwa munthu wamkulu ndi ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, kwa mwana ndi 75. Chovuta n'chakuti mukangokweza ndi ma decibel 3, nthawi yoti mumvetsere bwinobwino imadulidwa pakati. Ndiye pofika pa 100, zatsala ndi mphindi chabe. Mu 2022 WHO idapempha malo oimbirako kuti asamapitirire 100 ameneyo, kutanthauza kuti ngakhale bandi yosunga malamulo imatha kufika pamenepo kutsogolo kwa siteji. Khanda lisakayandikire kumeneko.

Msuweni: Azakhali, ndiye mukuti tisaonere bandi?

Azakhali: Sindikutero mwanawe. Nyimbo ndimazikonda kuposa iwe. Ndikunena za pokhala. Panja, ukawirikiza kawiri mtunda wochoka pa sipika, phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6. Amene ali mamita 40 akumva zofewa kwambiri kuposa amene ali mamita 10, koma nyimbo ndi yomweyo. Ana ndi agogo akhale kumbuyo, chakumbali, kopanda sipika yoloza kwa iwo. Muyeso wosavuta ndi uwu: tambasula dzanja, ngati munthu amene waima pamapeto pa dzanjalo sakukumva pokhapokha ukuwe, malo amenewo sakuyenera mwana. Ndipo iwe ukamva makutu akulira usiku pogona, dziwa kuti wawazunza.

Mlamu: Ndikangomuika thonje m'makutu sizingathandize?

Azakhali: Thonje silitchinga phokoso lotere. Ndipo timapulagi ta m'makutu musaike khanda, tikhoza kugwa iye n'kutola kuika m'kamwa. Za makanda ndi zija zovindikira khutu lonse, zokhala ndi lamba wofewa wodutsa pamutu. Ndili nazo ziwiri za ana okulirapo, zikwana mapasa. Za khanda ndifunsa kwa mnzanga. Msuweni, iwe ndikubweretsera timapulagi, ukavale ngati ukupita kutsogolo.

Msuweni: Ndikavala azakhali, ndalonjeza. Ine ndiye 5 koloko ndikhala nditakagwira kale malo kutsogoloko.

Mlamu: Ife ndiye tinyamuke 4 koloko, bandi isanayambe. Mwana amagona msanga.

Mayi a mapasa: Nafenso tikhoza kutsagana nanu alamu.

Lachitatu usiku

Chitsirizira: Agogo akuti ndilembe mawu awo. Akuti: "Ana inu ndakumvani. Ine ndipita, koma miyendo yanga siilola kuima nthawi yaitali, mundinyamulire mpando wanga wopinda uja. Chachiwiri, pali mwana pano amene amalemba ndakatulo m'kope usiku uliwonse, ndipo ndamva kuti kumeneko kuli nthawi yoti aliyense alakatule zake. Bwanji palibe amene wazitchula?"

Chitsirizira: Amenewo ndi mawu a agogo, si anga. Ine sindinawatume.

Achemwali: Iii, zoona, zilipo pa pologalamu! 5:30 madzulo mutenti yaing'ono, maikolofoni ya aliyense. Munthu mmodzi mphindi 3, ndipo mayina akulemba pathebulo la pachipata isanakwane 12 koloko masana. Mng'ono wanga, ukufuna?

Chitsirizira: Ndikufuna achemwali, koma ndikuopa. Ndakatulo zanga wamvapo ndi agogo okha. Ndikaima pamaso pa anthu mawu amanjenjemera, ndipo kumeneko kukakhala alembi enieni amene ali ndi mabuku awo.

Amalume: Mwana wa mlongo wanga, ndimvere. Alembi amenewo aliyense ali ndi tsiku limene adaima koyamba pepala likunjenjemera m'manja, ndipo n'chifukwa chake nthawi ngati imeneyo amaiika pa pologalamu. Anthu obwera mutenti imeneyo amabwera akudziwa kuti amva oyamba kumene. Sakubwera kudzakupatsa malikisi. Malire a mphindi 3 nawonso asakuopse, ndi amene amatsatidwa m'mipikisano ya ndakatulo yomwe idayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi okwanira ndakatulo imodzi yabwino. Usankhe imodzi yokha.

Amalume: Uchite izi. Uilembenso pa pepala lolimba ndi zilembo zikuluzikulu, usawerenge pafoni chifukwa sikirini imazima pakati pa ndime ndipo maso amakakamira pansi. Paliponse pamene upume uikepo kamzere ndi pensulo. Mantha amathamangitsa lilime, ndiye timizere timeneto ndi timene tikakugwire. Ukafika pa maikolofoni, ikhale kutali ndi pakamwa ngati kufupika kwa chikhatho, ndipo usaitembenukire kumbali polankhula. Usayambe ndi kupepesa kuti ndiwe wongoyamba. Utchule mutu, upume kamodzi, uyambe. Ukamaliza uime kaye pang'ono anthu aombe m'manja, usathawe. Mawu akanjenjemera, alekeni anjenjemere, omvera amakhululuka zimenezo msanga kuposa kuthamanga.

Chitsirizira: Nanga ndikaiwala pakati?

Amalume: Pepala lili m'manja mwako. Palibe lamulo loti uloweze.

Amayi: Mwana wanga, ine sindinadziwe kuti zafika pamenepa. Ndikufuna ndikakumve ndi makutu angawa.

Mlamu: Ngati zili choncho ife sitinyamukanso 4 koloko. Mwana agona kumsana, tidikira mpaka alamu anga alakatule. Tinyamuka bandi ikamayamba.

Mayi a mapasa: Ifenso tidikira. Ndikufuna mapasa aone mayi awo aang'ono ali pa maikolofoni tsiku lomwelo limene iwo apanga mabuku awo. Akatopa agona pa mkeka.

Achemwali: Msuweni, nanga malo ako akutsogolo aja?

Msuweni: Asiyeni apite. Bandi ndikaimvera kumbuyo limodzi ndi agogo, azakhali asangalale. Msuweni wanga, ndikakujambula vidiyo ngati ukulola. Ena olakatula sindiwajambula pokhapokha atavomera, ndakatulo ndi zawo.

Chitsirizira: Ujambule, koma usaike paliponse ndisanaione.

Chitsirizira: Agogo akuti mutenti imeneyo iwo akhale mzere woyamba chifukwa khutu lamanzere silimva bwino. Akutinso ndikachita mantha ndiziyang'ana iwo.

Lachinayi masana

Achemwali: Matikiti ndagula a anthu onse, khanda silikufunika tikiti. Galimoto ziwiri, ya amalume ndi yanga. Amalume atenga agogo, amayi, azakhali ndi Chitsirizira, ndipo anyamuke msanga kuti dzina likalembedwe mndandanda usanadzaze. Ndafunsa okonza, akuti galimoto ya okalamba itha kutsitsira pachipata penipeni. Aliyense botolo lake la madzi ndi chipewa, ndi juzi ya madzulo.

Azakhali: Ndiwonjezere za mapasa, poti pamalo pakhala anthu ambiri. M'mawa muwajambule chithunzi atavala kale zovala za tsikulo, ndipo muwamange kachingwe pamkono kolembedwa nambala ya foni ya mayi awo. Dzina la mwana lisalembedwe poonekera. Tikangolowa muwaonetse thebulo la pachipata ndi anthu ovala yunifolomu ya chikondwererocho, muwauze kuti akasochera apite kwa amenewo. Zovindikira makutu za khanda zapezeka.

Mlamu: Zikomo kwambiri azakhali.

Mayi a mapasa: Wojambula zithunzi uja akuti asainanso mabuku 3 koloko. Tili ndi buku lake limodzi kunyumba, latha m'makona chifukwa chowerengedwa. Kodi amasaina lakale, kapena mpaka ugule latsopano pomwepo?

Amalume: Kawirikawiri amasaina, ndipo mlembi amakondwa kuona buku lothaitha chifukwa ndi umboni woti lawerengedwa. Komabe funsa pathebulo la ogulitsa mabuku ukangofika. Ulembe mayina a mapasa pakapepala ukampatse, kuti asalakwitse kalembedwe. Mzere umatalika, ndiye mmodzi wa ife akaime msanga, ana abwere atatsala pang'ono kufika.

Msuweni: Ndikaima ine bambo.

Lachinayi usiku

Chitsirizira: Ndasankha ya agogo ndi manja awo. Ndajambula mawu, ndatumiza pamwambapa. Yatenga mphindi 3 ndi masekondi 20.

Amayi: Ndamvera kawiri. Sindingathe kulemba zambiri panopa, misozi ikundisokoneza.

Amalume: Ndamvera. Ndakatulo ndi yabwino zedi, ndipo sindikunena pokusangalatsa. Usafulumize kuti ikwane, kawerengedwe kako kali bwino mmene kalilimu. Ndime yachitatu ikubwereza zimene yachiwiri yanena kale, ndiye uichotse, masekondi 20 aja atha pomwepo. Mzere womaliza ukuumeza, ukweze mawu mpaka chilembo chotsiriza. Ujambulenso mawa utaimirira, pepala lili m'manja.

Chitsirizira: Ndime yachitatu ndimaikonda amalume. Ndingachotse yachinayi m'malo mwake?

Amalume: Yesa njira zonse ziwiri, utumize zonse, timve. Wosankha ndiwe.

Achemwali: Amalume, 8 koloko mukhale mwafika kwa agogo. Mpando wopinda uja uli kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo.