Mapampu a suweji padoko akumalira usiku kulibe anthu, madziwa akuchokera kuti?

WaMapampu:
Abale ndithandizeni nzeru. Andipatsa kumene ntchito yoyang'anira mapaipi a zimbudzi padoko lomwe ndimagwira, kale ndinali wokonza makina basi ndiye za suweji ndikuphunzira panopa. Chandizunguza mutu ndi ichi, pa siteshoni yopopera suweji yomwe ili kufupi ndi pokocheza zombo mapampu akumalira maola awiri atatu osapuma, nthawi zina pakati pausiku ma ofesi atatseka, kantini itatseka, a shifiti ndi ochepa, mvula sikugwanso. Komanso dzulo titatsegula manhole ina (dzenje lolowera ku mapaipi apansi) munatuluka fungo la dzira lowola ndipo nditakanda khoma la mkati ndi sikuludiraiva simenti imangoyoyoka, yoyera yofewa ngati dothi lonyowa. Abwana akuti tigule pampu yaikulu koma ine mtima ukukana.

MkuluWaMapaipi:
Achimwene mtima wanuwo ukunena zoona, pampu musagule kaye. Tengani buku lomwe mumalemba maola a mapampu muliike pambali pa tebulo la nthawi zomwe nyanja imadzaza, padoko lililonse la kunyanja yamchere limapezeka. Nyanja imadzaza kawiri pa tsiku, pakati pake pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, ndiye tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Anthu amapita kuchimbudzi nthawi zomwezomwezo, m'mawa, masana, posintha shifiti, koma mukaona kuti kulira kwa mapampu kukumasuntha tsiku ndi tsiku, ndipo kumanyanya mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, dziwani kuti mukupopa nyanja. Madoko ambiri anamangidwa pamalo okwirira, nthaka imatitimira pang'onopang'ono, pamwamba pakuyenda makina onyamula makontena, ndiye molumikizira mapaipi mumatseguka madzi amchere nkumalowa. Bwerekani kamita koyezera mchere muziviika manhole ndi manhole kukwera chakumtunda, pomwe mchere wathera ndiye kuti mwadutsa pobooka. Kamera mulowetse nyanja itadzaza, itaphwa simuonapo kanthu paipi imaoneka yabwinobwino.

MayiWaSefite:
Ine zamapampu ndisiyira anzanga, chandiopsa ndi chakuti munatsegula manhole nkuweramiramo kukanda khoma. Bambo chonde musadzabwerezenso. Fungo limenelo ndi hydrogen sulfide, mpweya wolemera kuposa womwe timapumawu ndiye umakhazikika pansi, ndipo choipa chake ukafika cha m'ma 100 ppm (magawo 100 pa magawo miliyoni a mpweya) mphuno imasiya kumva, munthu nkumati fungo latha pomwe ndi pamene wachuluka. Komwe ndinkagwira kale mnyamata wina anatsika kukachotsa sanza pa pampu, anangofika pa sitepe yachinayi miyendo inalobodoka, mwayi wake anali atamangidwa lamba tinamukoka, mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake thupi limachita tsembwe. Yezani mpweya musanatsike, pamwamba, pakati ndi pansi, oxygen ikatsika pa 19.5 peresenti palibe kulowa, ikani fani yopemerera, ndipo wotsala pamwamba mumuuziretu kuti mnzake akagwa asatsike kukamutenga, ambiri amafera pamenepo awiri atatu.

Simenti ikuyoyokayo ndi nkhani imodzi ndi yomwe anena akuluwa. Madzi a m'nyanja ali ndi sulfate (mtundu wina wa mchere) wambiri, tizilombo ta mu suweji timamusandutsa mpweya uja, ukakwera pa khoma lonyowa tizilombo tina timausandutsanso asidi yemwe amadya konkire, makamaka kudenga kwa paipi komwe madzi safika.

WaZombo77:
Musaiwalenso zombo, funsani ngati palibe chomwe chimakhuthulira mu line yanu usiku. Malamulo a MARPOL Annex IV oletsa zombo kuipitsa nyanja ndi zonyansa za m'zimbudzi, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2003, amakhudza zombo za matani 400 kupita mtsogolo kapena zololedwa kunyamula anthu opitirira 15, ndipo zonyansa zosatsukidwa sizitayidwa m'nyanja pokhapokha chombo chili kutali kupitirira mamailosi a panyanja 12 ndipo chikuyenda, ndiye zambiri zimasunga mu thanki nkudzatsitsa padoko. Zomwe zakhalitsa mu thanki zimabwera zitavunda kale, zikalowa zonse nthawi imodzi siteshoni yaing'ono imatsamwa. Muzilemba chombo, nthawi ndi kuchuluka kwake, ndipo madzi amafuta a mu injini asalowemo olo pang'ono, amenewo ali ndi kwawo. China muone zivindikiro za manhole, zili ndi magiredi a kulemera komwe zingapirire, D400 ndi ya mumsewu wamba, poyenda makina a makontena pamafunika E600 kapena F900.

WaMapampu:
Zikomo kwambiri nonse, amayi ndamva ndipo kamita ka mpweya ndakaitanitsa kale. Ndafufuza, usiku umenewo kunalibe chombo chotsitsa. Koma buku lija ndaliona, Lolemba mapampu anayamba cha m'ma 1 koloko, Lachiwiri kutatsala pang'ono 2, Lachitatu cha ku ma 3, ndendende ndi tebulo la nyanja, ndinachita kuimirira pampando. Tsopano vuto paipiyo yadutsa pansi pa bwalo la makontena, kukumba pamenepo sangalole. Pali njira ina?

MkuluWaMapaipi:
Ilipo, amati CIPP, anayamba nayo Eric Wood ku London mu 1971. Amalowetsa nsalu yonyowetsedwa ndi resin (mankhwala omata omwe akauma amalimba ngati pulasitiki) kudzera pa manhole, nkuifufumitsa ndi madzi kapena mpweya kuti imatirire kukhoma, kenako amaiumitsa ndi madzi otentha, nthunzi kapena kuwala kwa UV, imasanduka paipi yatsopano mkati mwa yakale. Koma yambani mwatsuka ndi jeti mafuta a kukantini ndi mchenga zichoke, pomwe madzi akuchita kuthovoka mutseke kaye ndi grout (phala lotsekera ming'alu), ndipo mukonze pampu yolambalalitsa zonyansa tsiku la ntchitoyo. Kamera ikaonetsa kuti paipi yatitimira mpaka madzi akumaima, pamenepo nsalu singawongole, chigawo chimenecho ndi chokumba basi, ndiye kwa abwana mupite ndi vidiyo ndi buku la maola lija pamodzi.