Kodi mwini nyumba ku America angachititse lendi kwa achikulire okha?

NaBanda wa ku Indiana:
Abale, ndikufunafuna nyumba ya lendi ku South Bend ndipo ndili ndi ana awiri. Pa chilengezo china alemba kuti amalandira anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo basi. Kodi malamulo a dziko lino amalola zimenezi, kapena ndi tsankho lomwe ndingakadandaule?

Che Mbewe:
Mayi, lamulo la Fair Housing Act la 1968 limaletsa kusala anthu pa nkhani za nyumba chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera, kapena kukhala mwamuna kapena mkazi. Mu 1988 anawonjezeramo anthu aulumali komanso mabanja okhala ndi ana osakwana zaka 18. Msinkhu pawokha mulibe, choncho chomwe chikukutetezani ndi ana anuwo. Komabe lamulo lomwelo linasiya mpata wa nyumba za achikulire, umene unakonzedwanso ndi Housing for Older Persons Act mu 1995. Malo akhoza kukana mabanja a ana ngati onse okhalamo ali ndi zaka 62 kapena kuposerapo, kapenanso ngati m'nyumba 80 mwa 100 zilizonse zokhalamo anthu muli munthu mmodzi kapena angapo a zaka 55 kupita m'tsogolo. Pa njira yachiwiriyi, eni ake ayenera kulemba poyera ndondomeko yosonyeza kuti malowo ndi a achikulire, ndipo azitsimikiza zaka za okhalamo ndi ziphaso pa zaka ziwiri zilizonse.

Mai Gondwe:
Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndiwonjezere kuti kulemba chikwangwani sikusandutsa nyumba kukhala ya achikulire. Landilodi amene ali ndi nyumba wamba, yomwe mukukhala achinyamata ambiri, ndiyeno n'kungolemba zaka 55 chifukwa safuna phokoso la ana, akuphwanya lamulo. Mufunseni mwaulemu ngati malowo akukwaniritsa zofunika za lamulo la 1995, ndipo sungani chithunzi cha chilengezocho. Mukakayikira, dandaulo limapita ku HUD, unduna woona za nyumba, pasanathe chaka chichitikireni nkhaniyo, pomwe mlandu wa kukhoti uli ndi malire a zaka ziwiri. Dziwaninso kuti mwini wake akamakhala pomwepo m'nyumba ya magawo osaposa anayi, lamulo la Fair Housing Act limamupatsa ufulu wosankha wochita lendi, ngakhale kuti silimulola kulengeza mawu osala mabanja a ana.

NaBanda wa ku Indiana:
Zikomo nonse. Nanga nyumba 20 zotsala mwa 100 zija sindingapemphe imodzi?

Che Mbewe:
Kupempha mukhoza, koma lamulo silikakamiza eni ake kuti apereke nyumba zimenezo kwa mabanja a ana. Ambiri amazisungira amasiye ocheperako zaka amene mnzawo wachikulire wamwalira, zomwe ine ndimaona kuti n'zomveka. Ngati malowo alidi ndi zikalata zonse, musataye ndalama yolipirira fomu yofunsira nyumba, chifukwa nthawi zambiri sabweza.