Ndasuntha mafulemu a GIF, tsopano chithunzi chikungotuluka zigamba

Membala wobisa dzina:
Abale, thandizeni. Ndili ndi kachithunzi koyenda, ka GIF, kotsatsa nsapato za pa shopu yathu ku Area 25. Kamaonetsa nsapato, kenako mtengo, pomaliza nambala ya foni. Abwana akufuna mtengo uzioneka koyamba. Mnyamata amene anakapanga sakuyankha foni chilandirireni ndalama yake, ndiye abwana akukalipira ine ngati ndine ndinamupeza. Laputopu nayo ndi yobwereka, batire lake silisunga moto, magetsi akangozima ntchito yaima. Ndayesa kusuntha mafulemu, zithunzi zimene zimasinthana mu GIF-yo, koma ena akungooneka zigamba, pena pabooka, ndipo mtengo ukusanjikizana ndi nsapato. Bandulo yatsala pang'ono, mawa akufuna kakhale pa status ya WhatsApp.

Wa ku Biwi:
Za abwana tamva, za batire tamva, koma pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito simunaitchule. Ndi GIMP, Photoshop kapena ya pafoni? Yankho limasiyana.

Mphunzitsi wa Graphics:
Palibenso chofunsa apa. Ntchito iyi ndi ya Photoshop basi. Tsegulani fayiloyo, pitani Window > Timeline, mafulemu onse andandalika m'munsi. Kokani ya mtengo ifike kumanzere kwenikweni. Pansi pa fulemu iliyonse pali nthawi yake, mumasintha pomwepo. Potulutsa ndi File > Export > Save for Web (Legacy), Looping muike Forever. Anthu mumakonda zaulere, ndiye zotsatira zake ndi zimenezi.

Mayi wa ku Kawale:
Aphunzitsi, Photoshop imalipiridwa m'madola. Munthu akudandaula bandulo, inu mukumutuma kukasaka foleki?

Membala wobisa dzina:
Pepani, ndi GIMP.

Wa ku Biwi:
Ndiye vuto ladziwika, ndipo si la GIMP. Pofuna kuti fayilo ichepe, GIF yambiri imasunga chithunzi chathunthu pa fulemu yoyamba yokha. Zotsatirazo zimangosunga kachigawo kamene kasintha, kwinako n'koonekera. Yang'anani maina a ma layer (mu GIMP fulemu iliyonse imakhala layer yake), mupeza mawu akuti (combine), kutanthauza kuti fulemuyo imadalira imene yaitsogolera. Mukaisuntha imasowa pokhala, n'chifukwa chake mukuona zigamba.

Tsekani osasunga, mutsegulenso fayilo yoyambirira. Musanakhudze kalikonse, pitani Filters > Animation > Unoptimize. Patuluka chithunzi china, fulemu iliyonse ili yathunthu. Gwirani ntchito pa chimenecho. Dziwaninso kuti GIMP imawerenga kuchokera pansi: layer ya pansi penipeni ndiyo imayamba kuoneka. Choncho za mtengo muzikokere pansi, osati pamwamba. Onani mmene zikuyendera pa Filters > Animation > Playback.

Mphunzitsi wa Graphics:
Mwaonatu kutalika kwa njirayo? Komanso GIF ndi yachikale, inabwera ndi CompuServe mu 1987. Fulemu imodzi siipyola mitundu 256, n'chifukwa chake nsapato yachikopa imaoneka madontho madontho. Malonda enieni amafuna vidiyo ya MP4. Ndanena kale pa gulu pano, koma anthu samva.

Wa ku Area 18:
Nsapatozo zilipo saizi 43? Mwina tithandizane mbali imeneyo.

Mayi wa ku Kawale:
Aphunzitsi, pa mitundu 256 mwanena zoona, koma funso silinali limenelo. Achimwene kapena achemwali ofunsa, samalani nthawi. Pa dzina la layer pamalembedwa ngati (100ms). Imeneyo ndi yochepa kwambiri kuti munthu awerenge mtengo. Dinani kawiri pa dzinalo, mulembe (2000ms), akhale masekondi awiri. Nambala ya foni ipatseni (3000ms). Musatsike pansi pa 20ms pofuna liwiro, chifukwa ma browser ambiri amaibweza ku 100ms, kachithunzi n'kumayenda pang'onopang'ono. Potulutsa pa File > Export As, chongani As animation ndi Loop forever, koma musachonge Use delay entered above for all frames, chifukwa imafafaniza nthawi zonse zimene mwaika.

Mphunzitsi wa Graphics:
Pa status, WhatsApp imasandutsa GIF kukhala vidiyo. Ndiye mukuvutikiranji? Ndikubwereza, MP4.

Wa ku Biwi:
Ikasandutsa ikhala itasunga ndondomeko ya mafulemu ndi nthawi yake, ndiye kukonza kukufunikabe. Chinanso: ngati mufuna kulemba mtengo watsopano, yambani mwapita Image > Mode > RGB, apo ayi mtundu wa zilembo usintha wokha. Ndipo mawu amene mwalemba amakhala layer payokha, GIMP iwatenga ngati fulemu ina. Aikeni pamwamba pa fulemu yake, muchite Merge Down. Ngati mafulemu a mtengo ndi asanu, mawuwo muwachite Duplicate akhale asanu, lililonse limatidwe pa fulemu yake. Pomaliza, Filters > Animation > Optimize (for GIF) kuti fayilo ichepe. Sungani kope la XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, musanachite zimenezi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri. Koma fayilo yoyambirira ndinaisunga kale pamwamba pake nditasuntha. Unoptimize ikonza?

Mayi wa ku Kawale:
Ayi, ingomata zigambazo mmene zilili. Ngati GIMP simunaitseke, bwererani ndi Ctrl+Z mpaka poyambira. Ngati munatseka, fufuzani pa WhatsApp pamene mnyamatayo anakutumizirani. Ikakhala kuti anatumiza ngati document, ndi GIF yomweyo. Ikakhala MP4, isandutseni pa ezgif.com, pa Video to GIF, m'lifupi muike mapikiselo 480 kuti isadye bandulo yambiri poitsitsa.

Mphunzitsi wa Graphics:
Ngati ili MP4, isiyeni choncho, mungoidula ndi pulogalamu ya vidiyo ya CapCut pafoni pomwepo.