Za mpando uja wa Pierre Paulin, zatheka

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha za mpando wa Mushroom uja, wa Pierre Paulin, katswiri wokonza mipando wa ku France, omwe kampani ya mipando ya Artifort inayamba kupanga cha m'ma 1960. Ndimafunsa kuti ndiuike bwanji pabalaza poti umaoneka wosochera pakati pa masofa. Ndatsatira amene munati ndiuchotse kukhoma ukhale pawokha, poti ndi wozungulira ndiye kumbuyo kwakenso nkokongola, ndaika katebulo kakafupi pambali ndi kapeti ya mtundu umodzi, eee pabalaza pasinthiratu! Mapilo sindinaike, amabisa kaumbidwe kake.

Ofuna kusintha nsalu, mkati mwake ndi chitsulo chokutidwa ndi siponji ndiye pamafunika nsalu yotamuka, yawamba imachita makwinya. Padzuwa musauike, siponji imafumbutuka.